Kalongonda wa Amayi Aakulu

Pa anthu onse amene ndinayendapo nawo ulendo, palibe amene anandipweteketsa mtima ngati amalume anga a Yotamu ndi bambo anga aang'ono a Damiano. Moni ndimawapatsabe mpaka lero, pakuti ndinaleredwa bwino, koma galimoto imodzi ndi iwo sindidzakweranso ngakhale atati ikupita kumwamba.

Ine ndine Enelesi. Ndimathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo, monga ankachitira amayi mawondo asanawakane. Amayiwo anabadwira ku Mozambiki. Makolo awo pobwera kuno kudzafuna ntchito ya tiyi anawatenga ali kamtsikana, koma mkulu wawo, amayi aakulu a Rozalina, anatsala konko poti anali atakwatiwa kale. Ndiwo ankawabereka amayi kumsana ali khanda. Anaonana komaliza nthawi ya nkhondo, a Rozalina atathawira kwathu ku Nsabwe, ndipo nkhondo itatha anabwerera kwawo.

Lachitatu lina foni inalira ndili m'munda, dengu lili kumsana. Anali Felisi, mwana wa a Rozalina. Anati mayi ake adwala kwambiri, chakudya asiya, ndipo chimene akutchula n'chimodzi: mng'ono wawo abwere, awabweretsere kalongonda wophika ndi manja ake. Kwa amene samudziwa, kalongonda ndi nyemba zathu za Alomwe zija zofuna kuwiritsa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kutaya madzi, kuthira ena, kusenda makoko. Ukachita naye ulesi amakuzunguza mutu. Amayi anamuphika Lachinayi lonse osakhala pansi, anadzaza poto wamkulu n'kumumanga ndi chitenje chatsopano.

Tokha sitikanatha kupita. Galimoto inali ya amalume, kakang'ono kamene anagula atapuma pa uphunzitsi ku mishoni. Iwo anabadwira kuno, ndi elda wa mpingo wa Sabata, ndiponso ndiwo eni mbumba, ndiye ku matenda a mlongo wawo sakanatsala. Njira ankaidziwa ndi a Damiano okha, mng'ono wa malemu bambo anga, katekisiti wa Akatolika amene kale ankagula nandolo ku Mozambiki ndipo Chipwitikizi amachithyolathyola. A Rozalina anali atasamukira kumudzi wina kupitirira Molumbo, kumene msewu wake ulibe chikwangwani, ndipo foni imagwira pokhapokha Felisi akakwera chulu. Mmodzi anali ndi matayala, wina anali ndi njira. Amati atambala awiri salira m'khola limodzi, koma ife tinawaika pa mipando iwiri yakutsogolo, ine ndi amayi kumbuyo, poto ali pamiyendo pa amayi.

Tinanyamuka Lachisanu m'mamawa. Ndisaname, tinakwera m'mamawa, kunyamuka kunali pambuyo pake. Amalume anati tiyambe tapemphera, ndipo anapempherera ulendo, matayala, boma, odwala, akaidi, ndi onse amene adakali mumdima posadziwa tsiku loona lopembedza. Atati ameni, a Damiano anatsokomola n'kunena kuti nawonso aikepo mawu. Anatchula oyera mtima amene ine sindinawamvepo chibadwire, ndipo pomaliza anapempherera nkhosa zimene zinathawa m'khola lakale. Pamene injini inkalira n'kuti nkhungu yachoka kale m'minda ya tiyi.

Ndinafunsa amalume tisanafike patali ngati sitivutika ndi Sabata, poti linali kulowa madzulo omwewo.

"Usade nkhawa, mphwanga," anatero amalume. "Kukaona wodwala pa Sabata n'kololedwa, imeneyo ndi ntchito yachifundo. Chimene sitichita ndi kugula ndi kugulitsa basi. Tithira mafuta fulu thanki masana ano, zikatero tathana nazo."

Mawu amenewo ndinawasunga. A Damiano nawo anawasunga.

Mkangano unayamba tikudutsa pa Makwasa, a Damiano ataona anthu akusesa pa tchalitchi cha Sabata. Anati n'zomvetsa chisoni kuti anthu akuluakulu atsatire mpingo wobadwa dzana ku Amereka, pamene wawo unayamba ndi Petro mwiniwake ndipo watha zaka zikwi ziwiri osatseka chitseko. Amalume anaseka kuseka kwa aphunzitsi kuja, kwa m'mphuno.

"Alamu, inu mumawerenga kuyambira pakati. Sabata linayamba m'munda muja, Adamu akadali ndi dothi m'makutu. Petro wanuyo analipeza, analisunga. Lamulungu lanuli inakupatsani ndi mfumu ya ku Roma."

"Tsiku si mpingo, alamu. Ndionetseni elda mmodzi wa m'munda umenewo."

Pa boma la Thyolo tinapeza pothirira mafuta pali zii, mapaipi atawakulunga. Pa Luchenza chimodzimodzi. Anyamata a zigubu anatithamangira ndi mabotolo, amalume anakweza galasi n'kunena kuti mafuta amenewo amasakaniza ndi parafini, galimoto yawo sinamwepo zonyansa. Titangowoloka Thuchila tayala lakumbuyo linaphwa. Amuna awiri aja anatsika, wina atagwira jeke wina sipanala, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkangomva za chigumula ndi za apapa a ku Roma, tayala lili chiphwerere. Anatimasulira ndi bambo wina wa kabaza amene anaima potimvera chisoni. Amayi anakhala pansi m'mbali mwa msewu. Ankangogwiragwira mfundo ya chitenje ngati poto angathawe.

Tinafika pa Chitakale dzuwa litapendeka pang'ono, kasingano ka mafuta katagona pofiira. Kumeneko tinapeza mzere wa galimoto wotalika mpaka kuseri kwa masitolo, chifukwa kunamveka kuti thanka ya mafuta yanyamuka ku Limbe. Tinaima kumchira. Amene anadikirapo mafuta akudziwa mmene zimakhalira. Aliyense ali ndi mlamu wake amene waiona thanka ikudutsa pa Bvumbwe. Lole iliyonse ikatulukira anthu amaimirira, kenako n'kukhalanso pansi ataona kuti yanyamula nkhuni. Azimayi a nthochi ndi chinangwa chophika anatizungulira, ndipo mtengo unkakwera malingana ndi mmene nkhope zathu zinkafotera. Ndinapita kukafunsa minibasi ya ku Muloza kumalire, kondakitala ananditchulira mtengo umene ndinachita kumufunsa ngati akugulitsa mpando womwe.

Amuna aja anapeza mthunzi pansi pa mtengo ndipo msonkhano unatsegulidwanso, tsopano ndi omvera. Kutsogolo kwathu kunali dalaivala wa lole yaing'ono, Myao wovala kofia, anthu ankamutchula a Shaibu. Anamvetsera kwa kanthawi akudya nzimbe, kenako analavula makoko.

"Akuluakulu, mukungovutikatu. Munthu woyamba uja anali Msilamu. Anagonja kwa Mulungu mmodzi, basi, nkhani yatha."

Amalume ndi a Damiano anamutembenukira limodzi ngati agalu awiri amene amalumana koma aona wachitatu. A Damiano anati Chisilamu chinabwera pambuyo, ndi chitsiriza m'banjamo. A Shaibu anati chitsiriza ndiye amatsala ndi nyumba. Anthu anaseka. Apo mkulu wina woonda, amene anati anaphikira Mmwenye ku Limbe mpaka imvi, analowererapo. Anati abwana ake ankayatsa lubani pa kashelefu m'mawa uliwonse, ndipo ankati chipembedzo chawo n'chakale moti palibe amene amadziwa anachiyambitsa, Ayuda omwe anachipeza chili ndi ndevu.

"Amenewo ndi mafano," anatero amalume. "Tikunena za chipembedzo."

"Olo tiwawerengere," anatero a Damiano, "kubadwa kale si nkhani. Nkhani ndi kukhalitsa. Milungu ya Farao inakhala zaka zingati, lero ili kuti? Ife mafumu anatiwotcha, anatiponyera mikango, koma belu likulirabe."

"Likulira pa tsiku lolakwika," anatero amalume. Kenako anaimirira, anakonza tayi, n'kulankhula mokweza kuti mzere wonse umve. "Ine ndikuuzeni. Chiyambire dziko, sipanapite sabata imodzi popanda munthu wosunga Sabata. Maufumu agwa, zilankhulo zatha, koma dzuwa likalowa Lachisanu pamakhala wina woika zida pansi. Unyolo umenewo sunadukepo, ndipo sudzadukira pa ine."

Ena anawomba m'manja. Ine ndinayang'ana kumadzulo, kumene dzuwa linali litayamba kutsetsereka.

Thanka inabwera ndithu, koma inabwera ngati mkwatibwi, mochedwa ndi mwamatama. Kutsitsa mafuta kunatenga nthawi yake, kenako anayamba ndi a njinga zamoto. Mzere unayamba kuyenda pang'onopang'ono, ife tikukankha galimoto ndi manja kuti tisunge madontho otsala. Za kuwoloka boda tsiku limenelo tinali titaiwalako, poti amatseka madzulo, koma ndinkadzitonthoza kuti tikagona pa Muloza n'kuwoloka m'bandakucha, masana a Loweruka amayi aakulu adzakhala akudya kalongonda wawo. Lole ya a Shaibu inafika pa pampu. Ife tinali pambuyo pake penipeni, fungo la mafuta likutilowa m'mphuno. Dzuwa linali litakhala pamwamba pa mitengo, lofiira, theka litamira.

Amalume analiona. Ndikudziwa kuti analiona chifukwa anayamba kuyang'ana pansi, kwinaku akutulutsa chikwama mwakachetechete. Akanangosiyidwa akanathira mafuta, Mulungu n'kuwakhululukira, ife n'kumapita. Koma a Damiano anatsamira pa bonati n'kuloza ndi chala.

"A Elda, taonani uko. Si unyolo uja ukuduka uwo? Tadikirani ndiitane anthu aone."

Anthu aja anali pomwepo: wophika wa Mmwenye, azimayi a nthochi, onse amene anawomba m'manja. Amalume anabweza chikwama m'thumba. Analowa m'galimoto, analiza injini, anakhotetsa chiwongolero n'kutuluka pamzere. Wakumbuyo kwathu sanadikire kuuzidwa, anatseka mpata nthawi yomweyo.

Ndinathamangira pawindo. "Amalume, ndilipira ndine! Ine si wa Sabata, tchimolo likhale langa!"

"Galimoto ndi yanga. Nayonso ikupuma."

A Shaibu anabwera akupukuta manja. "Bambo, amayi awa akupita ku matenda. Ndikupopereni mafuta a m'thanki mwanga, mudzandipatsa tikadzakumana. Kumeneko si kugula."

"Ngongole ndi malonda omwewo," anatero amalume, maso ali kutsogolo.

A Damiano ankaseka mpaka kugwira m'mimba, osadziwa kuti akuseka maliro. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma apa mbewa yake inali ndi makiyi a galimoto, ndiye tinafera nayo limodzi. Amayi anangofunsa funso limodzi, motsitsa mawu: "Achimwene, ndiye tifika liti?" Amalume anayankha kuti Mulungu amadalitsa omvera. Ndinakwiya moti ndinapita kuseri kwa sitolo kukalira, kuti ndisatukwane eni mbumba pagulu.

Tinagona kwa munthu wina wa mpingo wa amalume pafupi ndi boma la Mulanje, anthu abwino amene anatiyalira mphasa osafunsa zambiri. Loweruka m'mawa amalume anasamba, anavala jekete, n'kupita kutchalitchi, kumene ndinamva kuti anapatsidwa mpata wolalikira ndipo anafotokoza za chigonjetso chawo cha pa pampu. Ine ndinapita kwa a Damiano, amene anali pakhonde akumwa tiyi wozizira.

"Ababa, tiyeni tikwere minibasi, mtengo ndipirira. Njira mukuidziwa ndinu. Amalume atipeza."

"Iwe, tikafike kumeneko popanda eni mbumba? Anthu akatiyesa otani? Ndiponso kupitirira Milanje, kutsidya kwa boda, galimoto za Loweruka n'zamwayi." Anamwa tiyi pang'ono, kenako zenizeni zinatuluka. "Asiyeni amalize Sabata lawo. Akanene okha kumeneko kuti anatichedwetsa ndani."

Munthu wamkulu, wophunzitsa ana katekisimu, anali wokonzeka kudikira tsiku lathunthu kuti mlamu wake achite manyazi mokwanira.

Kunja kunatentha. Amayi anamasula poto n'kununkhiza, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha. Kalongonda akagona osawiritsidwanso amasasa. Pakhomopo moto sayatsa pa Sabata, ndiye amayi anasenza poto pamutu, ndi mawondo awo aja, mpaka kwa mayi wina wokazinga zitumbuwa m'mbali mwa msewu. Mayiyo sanafunse kuti timapemphera kuti. Anangochotsa chiwaya chake pambaula n'kutiuza kuti tiike. Tili pomwepo foni inalira. Anali Felisi, akupuma mofulumira chifukwa chokwera chulu.

"Mwafika pati? Amayi atiuza tiwatulutse pakhonde, ayang'ane kumsewu. Njinga yamoto ikangolira akudzutsa mutu."

Ndinati tili pafupi, galimoto yavuta pang'ono. Ndikanati chiyani? Kuti tikudikira dzuwa? Amayi analanda foni n'kulankhula m'Chilomwe, akuti auzeni akulu anga kuti poto ali pamoto, asagone. Foni inaduka asanamalize.

Dzuwa la Loweruka litalowa amalume anabwera akuwala nkhope ngati munthu wochokera ku ukwati. Pothirira mafuta paja panali patauma kalekale. Anapita kwa anyamata a zigubu omwe aja anawanyoza, anagula mabotolo a mafuta osakaniza aja pamtengo wowirikiza, ndipo galimoto yosamwa zonyansa ija inamwa bwinobwino osatsokomola. Tinadutsa Limbuli kutada n'kupeza chipata cha Muloza chotseka, monga tinkadziwira. Tinagona pa karesitihausi kena kamene nsikidzi zake sizisunga tsiku lililonse.

Lamulungu tinali oyamba pachipata. Mapepala athu ndi a galimoto anatenga nthawi yake, koma za kumeneko sindidandaula, anthu ankagwira ntchito yawo. A Damiano anatithandiza ndi Chipwitikizi chawo chothyokathyoka, ndipo ndinayamba kuwakhululukira. Ndinafulumira. Titangolowa m'tauni ya Milanje belu linalira, ndipo a Damiano anagogoda pa dashibodi.

"Imani apa, alamu. Misa."

Amalume anaponda buleki ngati aona mbuzi. "Mukuti chiyani? Mlongo wanga ali kumapeto!"

"Dzulo analibe mapeto? Ife tinadikira lanu tsiku lathunthu. Inu simungadikire lathu pang'ono? Kapena mukuganiza kuti mpingo wa zaka zikwi ziwiri ungagonjere wa dzana?"

Ndinawagwira mkono. "Ababa, chonde, Mulungu aliko ndi kumudziko. Mukapemphera pafupi ndi wodwala." Anandichotsa dzanja mwaulemu, ngati akuchotsa kachitsotso pa jekete, n'kutsika. Amalume anafuna kupitiriza okha, koma atafika pamphambano yoyamba anaima, anayang'ana uku ndi uku, n'kubwerera. Njira inali italowa m'tchalitchi.

Tsoka lake linali tsiku la ubatizo. Makanda anali ambiri ngati anabadwa mopikisana, ndipo aliyense ankafunika madzi ake ndi nyimbo yake. Ndinakaima pakhomo n'kuwaona a Damiano kutsogolo, atagwada mowongoka, maso ali tsinzi. Sindikhulupirira kuti ankalankhula ndi Mulungu. Ankawerenga nthawi kuti ifanane ndi ya dzulo. Kunja amalume ankazungulira galimoto akung'ung'udza za anthu ouma mtima, osamva n'komwe fungo la mawu awo. Amayi anasenzanso poto kupita kwa mayi wina wogulitsa tiyi, anawiritsanso. Nyemba zinali zitayamba kuphwanyika, zikusanduka phala. Anathiramo timadzi n'kumatakasa pang'onopang'ono kuti zisapserere.

"Zikafewa ndiye bwino," anandiuza. "Mano alibe."

Misa itatha a Damiano anayambanso kupereka moni kwa anzawo akale a nandolo. Pamene tinkatuluka m'tauni n'kuti mthunzi wa munthu uli pansi pa mapazi ake.

Msewu wa ku Molumbo ndi wafumbi, wa mabampu oti mano amagundana. Tinatitimira pamchenga kamodzi, anatikankha anthu ochokera kumsika. Pa kamlatho kena kamatabwa tinatsika tonse kuti galimoto ipepuke. Mungaganize kuti amuna aja anakhala chete ndi manyazi. Ayi ndithu. Anali atafika pa nkhani yoti dziko likamadzatha ndi chipembedzo chiti chimene chidzapezeke chili chiimire. Mapiri a ku Guruwe ataonekera chapatali, amayi analoza n'kundiuza kuti uko ndiye ku Namuli, kumene amayi awo ankati anthu onse anachokera, ndipo ankathira ufa pansi pa mtengo potchula amene anapita.

"Zachikunja," anatero amalume.

"Zamdima zenizeni," anatero a Damiano.

Pa ulendo wonsewo, apa pokha ndi pamene anagwirizana. Amayi anabweza dzanja lawo pa poto.

A Damiano anatikhotetsa pa mtengo wina wa mango, tinalowa kanjira ka njinga, udzu ukukwapula m'mbali mwa galimoto. Tinafika dzuwa litapepa. Ndinadziwa tisanatsike. Pabwalo panali amuna atakhala pa mitengo yogoneka, akazi atadzaza pakhonde, ndipo pamsewu anali atayala masamba. Pakhonde pomwepo panali mphasa ndi pilo, zoyang'ana kumene tinkachokera, popanda munthu.

Felisi anatithamangira n'kugwera pamapazi a amayi. Anati atisiya masana omwewo, dzuwa lili paliwombo. Anati m'mawa anapempha madzi achukuche m'kamwa, akuti kuti kalongonda wa mng'ono wawo akawakomere bwino.

Amayi anandipatsira poto, ndipo kanali koyamba kuti amusiye m'manja mwa munthu wina chichokere ku Nsabwe. Analowa m'nyumba. Kulira kumene ndinamva m'menemo sindikufuna kukufotokoza. Ankaitana mkulu wawo ndi dzina laubwana limene ine sindinkalidziwa, akuti ndabwera, ndabwera nazo, dzukani. Ine ndinaima pabwalo ndi poto wofunda m'manja, misozi ikugwera pa chitenje.

Kumbuyo kwanga ndinamva manong'onong'o. Ndinatembenuka. Anali iwo.

"Mukanapanda Misa yanu ija tikanawapeza."

"Misa ya maola angati? Inu munadya tsiku lathunthu."

"Ine ndinkasunga lamulo. Inu munkabwezera."

Mtembo uli m'nyumba, maso a anthu ali pa ife, iwo anali atapeza mutu watsopano. Anthu a m'mudzimo anawapatsa mipando yeniyeni, ya misana, poti ndi alendo olemekezeka, eni mbumba ndi mlamu wawo, ochokera kutali ndi galimoto.

Tinaika m'mawa mwake. Amene anasambitsa thupi anali azimayi oyandikana nawo, wina wovala mpango wa Chisilamu, wina korona m'khosi, wina sindikudziwa n'komwe ngati amapemphera. Manda anakumba amuna a m'mudzimo, ndipo sindinamve wina akufunsa mnzake kuti khasu lake linayamba liti. Amalume anapempha kuti alankhulepo kumanda, a Damiano nawonso anapempha. Mkulu wa m'mudzimo anati dzuwa lakwera, ndipo anayamba kukwirira.

Titabwerako amayi anandiuza ndisonkhe moto. Anawiritsa kalongonda uja komaliza. Anali atasanduka phala lenileni, lakuda, koma sanasase ngakhale pang'ono. Anatapa chipande choyamba n'kuika pa tsamba la nthochi, anapita nacho pansi pa mtengo wa kuseri kwa nyumba, anagwada, anachiika pansi n'kutchula dzina lija. Ndinaona amalume akutsegula pakamwa, a Damiano nawo akukonza kukhosi. Amayi anadzuka n'kuwayang'ana. Pakamwa ponse pawiri panatsekeka.

Kenako anayamba kugawa. Anayamba ndi azimayi osambitsa aja, anapita kwa okumba manda, kwa Felisi ndi ana ake, kwa ine. Mtsikana wina anali atazungulira kale ndi beseni la madzi, ndiye amuna awiri a pa mipando ya misana aja anali atasamba m'manja, atapinda mikono ya malaya. Chichokere ku Milanje anali asanadye chakudya chenicheni. Amayi anafika patsogolo pawo ndi poto, m'katimo mutatsala kokwanira anthu awiri, ndipo onse anatambasula mbale.

"Yotamu," anatero amayi. Chibadwire ndinali ndisanawamvepo akutchula mlongo wawo ndi dzina lokha. "Ndi inu alamu. Mwamaliza? Chipembedzo chakale n'chiti?"

Onse awiri anagwetsa maso m'mbale zawo.

"Uyu ndinaphikira munthu wanjala. Inu mwakhuta kale. Idyani zaka zija munkawerenga m'njira."

Anawadutsa n'kukapungulira zotsalazo m'mbale ya mayi wa mpango uja, anakokota poto mpaka pansi. Amuna aja anatsala atagwira mbale zopanda kanthu, madzi akudontha m'zala, mudzi wonse ukutafuna.